Kodi mwana wa Folomu 4 aziwerenga usiku kapena m'bandakucha?

Mayi wa ku Chilomoni:
Ndikupempha nzeru kwa aphunzitsi ndi azaumoyo amene muli muno. Mwana wanga wamwamuna, amene akukonzekera mayeso a MSCE, amawerenga mpaka 1 koloko usiku uku akumwa tiyi kuti asagone, koma m'mawa amavuta kudzuka, ndipo aphunzitsi ake akuti amaodzera m'kalasi. Bambo ake akufuna kuti azigona 8 koloko n'kudzuka 3 koloko, monga iwo ankachitira ali ku sekondale yogonera konko, koma mwanayo akuti akagona nthawi imeneyo amangotembenukatembenuka, tulo osabwera. Kodi umenewu ndi ulesi, kapena thupi lili ndi nthawi yakeyake?

Namwino wa ku Zomba:
Mayi, mwana wanu sakunama. M'ubongo muli kagawo kakang'ono kamene kamayendetsa thupi ngati wotchi yozungulira maola pafupifupi 24, ndipo kamadalira kwambiri kuwala kolowa m'maso kuti kadziwe ngati kwacha kapena kwada. Kukada, ubongo umatulutsa mahomoni otchedwa melatonin, amene amauza thupi kuti nthawi yogona yayandikira. Kukamacha, mahomoni ena otchedwa cortisol amakwera kuti munthu adzuke ndi mphamvu. Nkhaniyi si yongoganizira ayi: mu 2017 Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofotokoza mmene wotchi imeneyi imayendera m'maselo, ndipo kafukufuku wawo anamuchitira pa tintchentche ta pazipatso.

Chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti mwana akatha msinkhu, melatonin amayamba kutuluka mochedwa kusiyana ndi kale, n'chifukwa chake 8 koloko tulo samupeza. Komabe wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo zimene wawerenga masana zimakhazikika m'mutu pamene ali mtulo. Tiyi uja ndiye akuipitsa zinthu, pakuti theka la caffeine, chinthu cha mu tiyi chimene chimathamangitsa tulo, limakhala likadali m'magazi patatha maola pafupifupi 5. Amwe tiyi m'mawa, koma ikapitirira 2 koloko masana asamwenso.

Mphunzitsi wopuma pantchito:
Ine sindingawatsutse kotheratu bambo a mwanayo, chifukwa mayeso salembedwa pakati pa usiku. Mwana amene wazoloweretsa mutu wake kuthwa 12 koloko usiku adzalowa m'chipinda cha mayeso m'mawa thupi likuganiza kuti kukadali mdima. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa 3 koloko paja. Chakum'bandakucha ndi pamene thupi limazizira kwambiri ndipo maganizo amayenda pang'onopang'ono. Ana ambiri amene ndinawaona akudzuka nthawi imeneyo ankangoyang'ana tsamba limodzi atafunda bulangete, n'kumadzitonthoza kuti akuwerenga.

Ndingakonde kuti azigona cha m'ma 9 koloko n'kudzuka 5 koloko. Masamu ndi Physics azilimbana nazo m'mawa kapena chakumadzulo dzuwa litapepa, ndipo nthawi ya pakati pa 1 ndi 3 koloko masana aziisungira ntchito zopepuka monga kukopera manotsi. Anthu timainamizira nsima kuti ndiyo imatigonetsa masana, koma kufooka kumeneko kumabwera ngakhale kwa munthu amene sanadye. Nsima yambiri imangowonjezera. Akatopa kwambiri agone mphindi 20 zokha, chifukwa akapitirira amadzuka mutu uli wolemera, ndipo usiku tulo timavutanso kubwera.

Mlongo wanu wa ku London:
Mayi, ndiwonjezere za kuwala, chifukwa kuno taphunzira mokakamizidwa. Mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana, pamene mu Juni kumakhala kukuwalabe 9 koloko usiku, moti ambiri a ife timagula makatani okhuthala kuti tipeze tulo. Kwathu kuli mwayi wakuti dzuwa limatuluka cha m'ma 5 kapena 6 koloko chaka chonse. Mwana akadzuka azituluka panja, kaya kukatunga madzi kaya kusesa pabwalo, pakuti kuwala kwa m'mawa kumafulumizitsa wotchi ya thupi, pamene kuwala kwa foni ndi magetsi usiku kumaichedwetsa. Musamusinthe tsiku limodzi: azifulumirako kugona ndi mphindi 15 kapena 30 pakatha masiku awiri aliwonse mpaka afike pamene mukufuna.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse. Nanga Loweruka, poti kulibe sukulu, ndizimusiya agone mpaka 10 koloko kuti abweze tulo?

Namwino wa ku Zomba:
Ayi mayi, zimenezo zingafafanize zonse zimene mwakonza mkati mwa sabata, ndipo Lamulungu usiku adzalepheranso kugona. Mumulole awonjezere ola limodzi basi. Ngati pakatha milungu ingapo akuodzerabe masana ngakhale akugona mokwanira, mupite naye kuchipatala akamuyeze, chifukwa kuchepa kwa magazi nakonso kumafooketsa chimodzimodzi.