Kandege ndamaliza kumanga, tsopano ndiyambire pati?

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kandege ka mipando iwiri kaja, Zenith CH 701 ka injini ya Rotax 912, ndamanga nati yomaliza. Kali m'shedi kwathu ku Kapata, mapiko ndawafunditsa tenti kuopa fumbi, ndipo m'mawa uliwonse ndimangokasisita, mtima uli dyokodyoko.

Kuti ndipeze nambala ya 9J (yolembetsera ndege muno m'Zambia) ndi chilolezo choyesera kuuluka, kodi a bungwe loyang'anira za ndege la Civil Aviation Authority ku Lusaka amatumiza woyendera kuno ku Chipata, kapena ndikakweze pa lole kupita nako ku Lusakako? Mapiri okhotakhota a ku Luangwa aja akundiopsa, mapikowa ndi malata opyapyala.

Chinanso ndi mafuta. Injiniyi imalola petulo wa galimoto, koma ndikuopa madzi ndi zinyalala. Inu amene mumaulukira ku Mfuwe, mumamusefa bwanji?