Kodi nthawi ya atsamunda kuno kunali nyumba yapamwamba ya malamulo?

NaBanda_Kawale:
Abale ndithandizeni. Amalume amalimbikira kuti agogo athu aamuna, omwe anali mfumu cha ku Nathenje, ankakhala m'nyumba yapamwamba ya malamulo nthawi ya Nyasaland. Mwezi wamawa tikukavundukula chiliza chawo ndipo mbiri ndikawerenga ndine. Sindikufuna kukaima pamaso pa mafumu n'kunena zinthu zosaona. Nyumba imeneyi inalikodi? Nanga ankalowamo ndani?

Mphunzitsi wa ku Area 25:
Mayi NaBanda, kuno nyumba inali imodzi yokha, Legislative Council, ku Zomba. Nyumba ziwiri zinali kwina, monga ku Cape Colony ndi ku New Zealand. Ku New Zealand a nyumba yapamwamba ankachita kuikidwa, ndipo mpaka 1891 ankakhalamo moyo wawo wonse.

Yathuyi inakhazikitsidwa mu 1907, bwanamkubwa ali Alfred Sharpe. Munkakhala iyeyo, akuluakulu a boma ndi azungu angapo osankhidwa ndi iye yemweyo. Wakuda munalibe. Wotilankhulira anali mmishonale, poyamba Alexander Hetherwick wa Blantyre Mission. Anthu akukhoma msonkho wa nyumba chaka ndi chaka, koma mawu awo n'kumadzera pakamwa pa mlendo kwa zaka 40, izi zimandiwawa mpaka lero. Akuda oyamba analowa mu 1949, ochita kuikidwa. Mu 1956 ndi pomwe asanu anasankhidwa: Chipembere, Kanyama Chiume, Kwenje, Chijozi ndi Ralph Chinyama.

Agogo anuwo ndikuganiza kuti anali mu African Provincial Council ya chigawo chapakati. Makhonsolowa anayamba mu 1944, mafumu ndiwo anali ambiri, ndipo ndi omwe anasankha asanu aja. Si udindo wochepa umenewo.

Chisale47:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma pali chinanso. Pa chisankho cha Ogasiti 1961 kaundula wa ovota anali pawiri: wapamwamba wa mipando 8, wa anthu a chuma ndi maphunziro, ndi wapansi wa mipando 20, yomwe MCP inatenga yonse. Mwina amalumewo akukumbukira kuti agogo anali pa kaundula wapamwamba. Afunseni chaka kaye.

Namaseko:
Ine chimandidandaulitsa n'chakuti titadzilamulira tokha tinailemba nyumba yoteroyo koma osaimanga. Malamulo a 1994 anali ndi Senate ya anthu 80, boma lililonse likanatumizako mfumu imodzi. Inachotsedwa mu 2001 isanakhalepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Mphunzitsi wa ku Area 25:
Mayi, ngati nthawi ilipo pitani ku National Archives ku Zomba mukapemphe mafailo a khonsolo ya chigawo chapakati. Mukatenge dzina lawo lobadwa nalo ndi la ufumu lomwe, chifukwa alembi a boma nthawi zambiri ankangolemba la ufumu.