Hatchi ya pa g5 yandigonjetsa katatu: kodi ndisinthe kayambidwe kanga?

Wa ku Santhe:
Moni nonse. Loweruka lapitali tinali ndi mpikisano wa chess wa ife osewera wamba pa boma la Kasungu, ndipo masewero onse atatu amene ndinagwira zakuda ndinagonja mofanana. Mnzanga akayamba 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4, ine ndimayankha 3...Nf6, iye n'kulumphitsa hatchi kufika pa g5. Ndikakankha 4...d5, amadya 5.exd5, ine n'kubwezera ndi hatchi, pomwepo hatchi yake imagwera pa f7 ndipo mfumu yanga imatulutsidwa poyera. Mnyamata wa Fomu 2 amene anandigonjetsa komaliza sanathe ngakhale mphindi zisanu pa wotchi yake, ndipo zinandiwawa. Kodi ndisiye 1...e5 ndiyambe Sicilian, kayambidwe koyankha 1.e4 ndi 1...c5?

Mphunzitsi wa ku Nkhamenya:
Achimwene, musathawe msanga, chifukwa cholakwa chanu chili pa 5...Nxd5 pokha. Msampha umenewu umatchedwa Fried Liver Attack, ndipo osewera a ku Italy ankaudziwa kale zaka zoposa 400 zapitazo. Sewerani 5...Na5 kuti muopseze bishopu wa pa c4. Zikapitirira 6.Bb5+ c6 7.dxc6 bxc6, mudzakhala mutaluza pawn imodzi, koma mnzanuyo ndiye adzayamba kubwerera m'mbuyo pamene zida zanu zikutuluka momasuka. Ana anga a sukulu amaopa kupereka pawn imeneyi mpaka ataona okha momwe hatchi ija imathamangitsidwira ndi ...h6.

Mayi wa ku Chulu:
Aphunzitsi anena zoona, komabe kwa munthu amene alibe nthawi yoloweza, njira yapafupi ndi 3...Bc5. Popeza pa f6 palibe chotchinga, hatchi ikangoponda pa g5 mfumukazi yanu imaidya ulere. Za Sicilian sindikukulimbikitsani panopa. Najdorf, mtundu wa Sicilian umene ankaukonda akatswiri a chess Bobby Fischer ndi Garry Kasparov, ili ndi nthambi zambirimbiri, ndipo amene waloweza mayendedwe asanu okha amasokera mnzake akangopatuka pang'ono.

Wa ku Santhe:
Zikomo kwambiri aphunzitsi, zikomonso mayi. Usiku ndinayala bolodi pamkeka, nyale ili pambali, ndipo ndaona ndi maso anga kuti 3...Bc5 ikutsekadi njira ija. Tsopano ndithandizeni pa 4.c3, chifukwa ndikuona kuti mnzanga akufuna kukankha d4 n'kulanda pakati.