Magetsi anathima, fayilo ya zogula mtedza yatsala yopanda kanthu. Ndalakwitsa pati?

Mnyamata_wa_pa_Kamwendo

Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Ndimakhala pa Kamwendo ku Mchinji kuno. Chaka chatha gulu lina la alimi linandipempha kuti ndiwalembere pulogalamu ya pa kompyuta yolembera zogula nthawi ya msika wa mtedza ndi soya. Ndinailemba mu Python, mawindo ake ndi mabatani ndinapanga ndi Tkinter. Mlimi akabwera ndi matumba ake amayeza pa sikelo, amayi amene amalemba amalowetsa dzina, mudzi, nambala ya foni, makilo ndi mtengo, lisiti n'kutuluka. Zonsezi zimakhala mu fayilo imodzi ya CSV, chifukwa apampando ankafuna kuti azitha kuitsegula mu Excel. Akadina batani losungira, pulogalamu imatsegula fayiloyo n'kulembanso mizere yonse kuyambira woyamba.

Lachitatu lapitali cha m'ma 3 koloko masana, alimi ali pamzere mpaka kumsewu, magetsi anathima amayi aja atangodina batani. Kompyutayo ndi ya patebulo, ilibe batire. Atayaka madzulo, pulogalamu inatseguka ili mbee, mulibe dzina ngakhale limodzi. Nditathamangirako ndinapeza fayilo ikuonetsa 0 KB. Kope lomwe ndinali nalo pa fulashi linali la masiku 9 m'mbuyomo. Chinatipulumutsa ndi buku lalikulu lomwe amayiwo sanasiye kulembamo, ngakhale ine ndinkawauza kuti n'kudzivutitsa. Takhala masiku atatu tikukopera za m'bukumo, ndipo alimi awiri akadali kutsutsa makilo awo.

Pali mavuto enanso awiri. Akafuna lipoti la pamlungu, pulogalamu imangoti njii pafupifupi mphindi yathunthu, pamwamba n'kulemba kuti Not Responding. Komanso gululi lili ndi kompyuta ina yakale ku Mkanda, ya Windows 7. Ndaikako exe, fayilo yotsegulira pulogalamuyi pa Windows, yomwe ndinamanga ndi PyInstaller koma ikukana, ikuti api-ms-win-core-path-l1-1-0.dll palibe. Pa laputopu yanga zonse zimayenda bwinobwino. Msika udakalipo mpaka mwezi wamawa, ndithandizeni.

Bambo_a_ku_Santhe

Pepani achimwene. Ine zinandionekera zaka zapitazo ndi pulogalamu ya sitolo ina ya feteleza pa boma la Kasungu, ndipo ndimakumbukirabe mmene mwini sitolo anandiyang'anira tsiku limenelo.

Chinachitika ndi ichi. Mukatsegula fayilo ndi "w" mu Python kuti mulembemo, zimene zinalimo zimafufutidwa nthawi yomweyo, musanalembemo ngakhale chilembo chimodzi. Zatsopanozo sizifika pa disiki pompopompo. Zimayamba zadikira mu memory, Windows n'kuzitsitsa pa nthawi yake. Ndiye pamakhala kamphindi komwe zakale zapita, zatsopano sizinafike. Amayi aja akamadina batani maulendo 200 pa tsiku, kamphindi kameneko mukukatsegula maulendo 200. Kwathu kuno, kumene magetsi amachoka osatsanzika, tsiku lina zinayenera kukumana basi.

Ngati mukufuna chothandiza lero lomwe, msika usanathe: musalembe pamwamba pa fayilo yeniyeniyo. Lembani mu fayilo ina yongoyembekezera mu foda yomweyo, muchite flush, kenako os.fsync kuti zitsikedi pa disiki, mukatero os.replace iike yatsopanoyo pamalo pa yakale. Magetsi akathima pakati, yakale ija imakhala ikadalipo yamphumphu. Ndi mizere isanu chabe.

Koma langizo langa lenileni n'lakuti muchoke pa CSV mupite ku detabesi ya SQLite. Simufunika kudawuniloda kalikonse, sqlite3 imabwera kale ndi Python, ndipo detabesi yonse ndi fayilo imodzi. Ubwino wake uli pa transaction. Kugula kumodzi kuli ndi mbali zingapo: makilo alowa m'nkhokwe, ndalama zatuluka m'bokosi, mlimi walembedwa kuti walipidwa. Zitatuzi muziike pamodzi, commit yotsimikizira zonsezo ibwere kumapeto. SQLite isanasinthe tsamba lililonse imayamba yasunga lakale mu kafayilo kena ka pambali, kokhala ndi dzina lothera ndi -journal. Magetsi akathima ntchito ili pakati, ulendo wotsatira imaona kafayiloko n'kubwezeretsa zonse mmene zinalili. Mumataya kugula kumodzi komalizako, komwe mlimi wake akadali chiimire pa sikelo, osati masiku 9. Chonde muwauze a ku ofesiko kuti akaona kafayiloko asakafufute poganiza kuti ndi vairasi. Ine wina anandichitira zimenezo.

Mukamasamuka samalani ndi mayina athu. Mukamamanga malamulo a SQL opita ku detabesi polumikiza mawu ndi chizindikiro cha +, tsiku limene kudzabwere a Ng'oma kapena a Mang'anda pulogalamu idzagwa, chifukwa kachizindikiro kobwera pambuyo pa g kadzatseka mawu pakatikati. Ikani ? pamalo pa dzinalo, dzinalo mulipereke padera. Mabuku ambiri ophunzitsira amaitchula nkhaniyi ngati yodzitetezera kwa akuba a pa intaneti, koma kuno imakugwetsa mlungu woyamba, popanda wakuba aliyense.

China: ndalama musasunge ngati float, nambala yokhala ndi kadontho. Lembani 0.1 + 0.2 mu Python muone, ikupatsani 0.30000000000000004. Pa lisiti limodzi sizioneka, koma mukaphatikiza malisiti a mwezi wonse mudzapeza matambala akusiyana ndi a m'buku, ndipo msungichuma sadzakukhulupiriraninso. Sungani ndalama ngati matambala, K1 ikhale 100, ndipo kulemera kukhale m'magalamu, makilo 47.5 akhale 47500. Kadontho muzikaika poonetsa pa sikirini pokha.

Za Excel za apampando musadandaule nazo. Ikani batani lotulutsa kope la CSV akalifuna, fayilo yeniyeni asaikhudze. Ndikukayikira kuti pena manambala a foni amakusowerani 0 woyambirira. Excel ikaona 0999 kapena 0888 imayesa ndi nambala yowerengera n'kuchotsa 0 uja, munthu akasunga basi zawonongeka.

Chikondi_Dev

Man, bwanji osangowauza agule UPS, kabokosi ka batire kopatsa kompyuta moto magetsi akathima? Nkhani yatha. Kapena muisandutse web app, deta izikhala pa seva, Kamwendo ndi Mkanda aziona zofanana. Masiku ano ndani akulembanso za desktop?

NaPhiri_wa_pa_Boma

Achimwene a pa Kamwendo, za deta bambo a ku Santhe anena zonse. Ine ndiyankhe ziwiri zinazo, chifukwa ndi zomwe ndimalimbana nazo pa ntchito.

Kuuma kwa pulogalamu kuja. Tkinter ili ndi mainloop, yomwe ntchito yake ndi kumvetsera: wadina apa, wasuntha windo, jambulanso batani ili. Mukaika ntchito yolemera mkati mwa batani, mainloop imadikira mpaka ntchitoyo ithe, ndipo pa nthawi yonseyo palibe womvetsera. Windows ikaona kuti windo lakhala masekondi pafupifupi 5 osayankha, imaliyeretsa n'kulemba Not Responding, chonsecho pulogalamu ikugwira ntchito mkatimo. Choopsa n'chakuti munthu amene wakhala pa mpando sadziwa zimenezo. Amayesa yafa, n'kukanikiza batani lozimitsira kompyuta. Mwina mukafufuza mupeza kuti si magetsi okha amene akhala akuzimitsa kompyuta imeneyo pakati pa ntchito. Afunseni amayiwo mwaulemu, musawaimbe mlandu, chifukwa aliyense angachite chimodzimodzi alimi akudikira panja.

Lipotilo lipatseni thread yakeyake, ndiye kuti kanjira kena kogwirira ntchito pambali pa mainloop. Koma thread imeneyo isakhudze label kapena batani lililonse, Tkinter imafuna kuti zonse za pa sikirini zichitikire mu thread yaikulu. Thread ya lipoti ikamaliza iponye zotsatira mu queue, momwe zizidikirira, ndipo ku mbali ya windo mugwiritse ntchito after kuti izisuzumira mu queue pakapita mamilisekondi 100 alionse. Pa nthawiyo zimitsani batani la lipoti kuti asadine kawiri, ndipo pa sikirini palembedwe m'Chichewa kuti "Dikirani, ndikuwerengera". Mukapita ku SQLite kumbukirani kuti thread yatsopanoyo itsegule connection yakeyake, ya thread ina Python idzakukanizani. Komanso mwina simudzafunanso thread n'komwe. Mphindi yathunthu pa zogula za mlungu umodzi ndi yambiri zedi. Ndikuganiza kuti pa mlimi aliyense mukuwerenga fayilo yonse kuyambira pamwamba. SUM ndi GROUP BY zichita zomwezo musanaphethire.

Za ku Mkanda n'zosavuta. Python yomaliza kuyenda pa Windows 7 ndi 3.8. Kuyambira 3.9 imafuna dll imene mwatchulayo, yomwe mu Windows 7 mulibe. PyInstaller imanyamula Python yomwe ili pa laputopu yanu n'kuiika mkati mwa exe, ndiye ngati muli ndi 3.11 kapena 3.12 siidzayenda kumeneko. Musakadawunilode dll imeneyo pa mawebusayiti ongopezeka, mudzatenga matenda. Ikani 3.8 pambali, mumangire pamenepo. Muonenso ngati kompyutayo ndi ya 32-bit, chifukwa exe ya 64-bit siyenda pa 32, pomwe ya 32 imayenda ponse pawiri. Windows 7 a Microsoft anasiya kuithandiza mu Januwale 2020, choncho kompyuta imeneyo isamalowe pa intaneti, ndipo mafulashi a anthu obwera kudzasindikiza makalata asamalowemo.

Kanthu kenanso kochepa. Pa makompyuta akale otere kabatire ka CR2032 ka pa motherboard kamakhala katatha. Magetsi akathima, wotchi imabwerera zaka zambiri m'mbuyo, malisiti onse a tsikulo n'kutuluka ndi deti lolakwika, lipoti la pamlungu osawaona. Pulogalamu ikamatseguka iziyerekeza deti la lero ndi la lisiti lomaliza. Likakhala lam'mbuyo, ikane kuyamba mpaka akonze wotchi.

Bambo_a_ku_Santhe

A Chikondi, UPS ndi yabwino ndipo agule akapeza ndalama. Koma batire yake imafooka pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo palibe amene amadziwa kuti yafooka mpaka tsiku lomwe ikufunika. Siitetezanso kwa munthu wopunthwa pa chingwe. Za web app, tapitani mukakhale tsiku limodzi pa malo ogulira mbewu mkati mwa mudzi muone mmene netiweki imachitira, muwerengerenso bandulo ya miyezi itatu. Mlimi wapalasa njinga ndi matumba awiri kuchokera m'bandakucha, simungamuuze kuti adikire netiweki ibwere. Pulogalamu ya pa kompyuta pomwepo ikadali ndi malo ake kuno.

Mwandikumbutsa china, achimwene a pa Kamwendo. Tsiku lina adzakupemphani kuti makompyuta awiri a mu ofesi imodzi azigwiritsa ntchito detabesi imodzi. Musadzaike fayilo ya SQLite mu foda yogawana pa netiweki. Eni ake a SQLite amachenjeza okha kuti maloko a fayilo sadalirika pa njira imeneyo, ndipo awiri akalemba nthawi imodzi ikhoza kuwonongeka. Zikadzafika apo mudzafune PostgreSQL kapena ina yotere. Ndipo kope lisadalire kuti inu mwakumbukira. Connection ya sqlite3 ili ndi backup kuyambira Python 3.7. Pulogalamu izidzitengera yokha potseka, dzina la kopelo likhale ndi deti, lina pa kompyuta lina pa fulashi yomwe imagona kunyumba kwa msungichuma.

Mnyamata_wa_pa_Kamwendo

Zikomo kwambiri nonse, ndachedwa kubwera chifukwa ndinali pa ntchito yomweyi. Ndasamukira ku SQLite. Loweruka ndinabwereka kompyuta yakale kwa mnzanga wokonza mafoni, ndinalemba kapulogalamu kolowetsa zogula zabodza mosalekeza, ine n'kumazula pulagi kukhoma. Ndinazula maulendo 15. Ulendo uliwonse detabesi inatseguka, ndipo makilo ndi ndalama zimagwirizana. Ndikanachita zimenezi chaka chatha ndisanapereke pulogalamu kwa anthu.

Asisi a NaPhiri, munalasa. Amayi aja anavomera kuti lipoti likauma ankazimitsa kompyuta, akuti ankaopa kundivutitsa ndi mafoni. Pano lipoti likutuluka nthawi yomweyo, thread sindinaifunenso. Ku Mkanda kompyuta ndi ya 32-bit ndithu, ndamangira pa 3.8 ndipo yatseguka. Wotchi yake inali m'mbuyo ndi zaka, kabatire ndasintha.

Posamutsa deta ndapezanso china chimene sindinkachidziwa. Mlimi wina dzina lake analilemba ndi ŵ, batani lotulutsa CSV linagwa ndi UnicodeEncodeError. Ndimatsegula fayilo osatchula encoding, ndiye Python imatenga cp1252 ya Windows, momwe chilembo chimenechi mulibe. Ndiye kuti ngakhale magetsi akanapanda kuthima, dzina limodzi lotere likanaidula fayilo yakale ija pakati. Ndaika utf-8-sig, ndipo Excel ikulionetsa bwino.

Buku lija ndawapempha amayi kuti apitirize kulembamo mpaka msika utatha. Chatsala ndi pulinta ya malisiti, ija yaing'ono ya pepala la 58mm. Dzina lomwelo la ŵ ikulisindikiza ndi chizindikiro cha funso pakati, ndipo mwini dzina wadandaula kale kawiri. Alipo amene anakumanapo nazo pa mapulinta amenewa? Ndikuganiza zoti lisiti lonse ndizilitumiza ngati chithunzi, koma ndikuopa kuti lizichedwa kutuluka mzere ukakhala wautali.