Andilembera kuti ndiziwomba pachifuwa khanda la bronchiolitis, nditani?

Wa rihabu (wa mafizo) wa kuboma: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ku wodi ya ana kuli mwana wa miyezi 4, lero ndi tsiku lachitatu chiyambire chimfine. Akupuma ka 62 pa mphindi, nthiti zikulowa, m'chifuwa mukulira mbali zonse ziwiri, ali pa okosijeni lita imodzi. M'fayilo alemba bronchiolitis (kutupa kwa timinjira ta mpweya m'mapapo), chest physio (kuwomba pachifuwa kuti makhololo atuluke) kawiri pa tsiku. M'mawa ndinamugoneka pamiyendo panga n'kuyamba kumuwomba ndi zala zitatu, mosamala ndithu. Mphindi ziwiri sizinakwane, anabweza mkaka wonse, saturation (mlingo wa okosijeni m'magazi) inatsika kuchoka pa 93 kufika pa 86, milomo inada. Ndinachoka manja akunjenjemera. Madzulo ano ndibwerezenso?

Sisita wa ku wodi ya ana: Ayi achimwene, musabwereze. Kodi mphuno munaziyang'ana? Makanda ngati ameneyu amadalira mphuno popuma, ndiye mamina akatseka, kuyamwa kumakanika, kubanika kumakula. Dontheza awiri a saline (madzi a mchere a kuchipatala) mphuno iliyonse, dikirani pang'ono, kenako yamwani ndi suction (makina okoka mamina) pakhomo pa mphuno pokha, osalowetsa paipi mpaka kukhosi. Muzichita zimenezi asanayamwe, osati atakhuta.

Fizio wamkulu: Ine ndiye mundikhululukire. Ndawomba ana zaka zambiri, makhololo amatuluka ndikuona ndi maso angawa, amayi n'kuthokoza. Mwina mnyamatayu anangomupeza mwana atangoyamwa kumene. Tisathamangire kutaya zimene tinaphunzira.

Dokotala wa ana: Madala, zoona makhololo mumawaona, koma amenewo ndi a kukhosi ndi m'mphuno. Vuto la bronchiolitis lili pansi kwambiri. Kachilombo, kawirikawiri RSV, kamatupitsa timinjira ting'onoting'ono ta mpweya, khungu la m'kati mwake limasupuka n'kusakanikirana ndi mamina. Chotupa sichiphwa ndi kuwomba. Mwanayo amalira, mphamvu zimene amapumira zimathera pa kulirako, okosijeni n'kutsika, monga zachitikira m'mawamu.

Ku France ndi kumene anali akatswiri a kufinya makanda pachifuwa. Mu 2010 anatulutsa kafukufuku wa ana 496 ogonekedwa m'zipatala za ku Paris: ofinyidwa sanachire msanga kuposa anzawo, koma ankasanza kwambiri ndipo ena ankabanika pa nthawi yowafinyayo. Pofika 2019 bungwe lawo la zaumoyo la HAS linasiya kulimbikitsa njirayi. A Cochrane nawonso, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, atasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana, anapeza kuti kuwomba ndi kugwedeza pachifuwa sikuchepetsa matendawa. Imene ikuonetsa kakusintha pang'ono ndi ija yotulutsa mpweya pang'onopang'ono, koma umboni wake ndi wofooka, ndipo sindingaiyese pa mwana amene watsika kale pa 86.

Mnzathu wa ku Britain: Kuno malangizo a 2015 a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala, amanena mosabisa kuti tisachite chest physio kwa mwana wa bronchiolitis amene alibe vuto lina. Amasiya mpata kwa ana amene sangathe kukhosomola okha, monga a spinal muscular atrophy (matenda ofoola minofu) kapena tracheomalacia yaikulu (kufewa kwa njira yaikulu ya mpweya). Madala, amenewo ndi amene amafunadi manja anu.

Fizio wamkulu: Pamenepo ndagwirizana nazo. Ndili ndi mwana wa cerebral palsy (kulumala kochokera ku ubongo) amene chimfine chikamugwira, popanda kumutembenuza ndi kumuthandiza kutulutsa makhololo amathera m'chibayo. Ameneyo sindisiya. Za uyu wa miyezi 4 ndamva, ndiwerenga ndekha za ku Paris zo.

Wa rihabu wa kuboma: Zikomo nonse. Koma amene analemba ndi akuluakulu kwa ine, ndikawauza bwanji? Komanso agogo a mwanayo akundidikira, akuti ine, amene akunditcha dokotala wa mafupa, ndi amene ndichotse chifuwa.

Sisita wa ku wodi ya ana: Musakatsutsane nawo pamaso pa odwala. Lembani m'fayilo zimene zachitika, nthawi, manambala aja 93 ndi 86, kusanza, kenako kawapezeni pambali muwaonetse. Manambala alankhula okha. Agogowo musawasiye manja lende, apatseni ntchito. Aonetseni kunyamula mwana mutu uli pamwamba pang'ono, kupukuta mphuno, kuona kuti timapaipi ta okosijeni sitinasunthe. Mayi aziyamwitsa pang'ono koma pafupipafupi. Akamalephera, afinye mkaka, ife timupatsa pa NG tube, kapaipi kolowa pamphuno mpaka m'mimba.

Dokotala wa ana: Ndiwonjezere kuti matendawa amafika pachimake tsiku lachitatu mpaka lachisanu, ndiye usiku wa lero ndi mawa ndi woopsa. Saturation isatsike pansi pa 90. Akayamba kubuula, kugwedeza mutu popuma, kudukiza kupuma kapena kufooka osadzuka, itanani msanga, adokotala aganizire za CPAP, makina othandiza kupuma. CPAP ija ya Pumani ilipo kwanuko?

Wa rihabu wa kuboma: Ilipo imodzi ku nazale, ndakafunsa, ikugwira ntchito. Adokotala aja ndawapeza, anayang'ana manambala n'kukhwatcha okha chest physio ija. Mphuno tatsuka ndi asisita a usiku, munatuluka mamina olimba ngati phala. Wayamwa mphindi zisanu osasiya bere, pano ali pa 94, akupuma ka 54. Agogo amunyamula paphewa. Ndidutsanso 6 koloko m'mawa ndisanapite ku jimu.