Nkhuku zija zabwerako ku chionetsero

Mwezi watha ndinafunsa ngati n'kwanzeru kupita ndi nkhuku zanga za Mikolongwe ku chionetsero cha zaulimi, poti chitopa chavuta m'midzi yoyandikana nafe. Ambiri munati ndiyambe ndatemera. Zikomo kwambiri.

Alangizi a ziweto anabwera ndi katemera wa chitopa wotchedwa I-2, wodontheza kadontho kamodzi m'diso, kutatsala masabata atatu kuti chionetserocho chichitike. Anati katemerayu amafuna masabata awiri kuti agwire ntchito m'thupi, ndiye kutemera dzulo lake sikuthandiza. Ndinanyamula tambala mmodzi ndi misoti iwiri, chomwera ndi chodyera zawozawo.

Chimene chinandidetsa nkhawa kumeneko ndi manja a anthu. Munthu agwira nkhuku iyi, apita kukasisita ina, pomwe pambali pali ina yozyolika, mapiko ali pansi, zitosi zobiriwira. Ndinachonderera oyang'anira kuti aichotse, ndipo anaichotsadi.

Pobwera sindinazisakanize ndi zinzake. Zili m'kakhola kuseri kwa nkhokwe, lero ndi tsiku la 16, ndipo zikhalamo mpaka akwane masiku 21. Ndimazipatsa chakudya pomaliza, nditavala nsapato zina. Dengu lomwe ndinanyamuliramo nkhukuzo ndinalitsuka ndi sopo n'kuliyanika padzuwa. Zonse zitatu zikudya bwino, msoti umodzi wayamba kuikira.