Asilikali a 24th Regiment amene anathera pa Isandlwana anali ndani?

Nachisale wa ku Dundee:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimagwira ntchito kuno ku KwaZulu-Natal, ndipo mwezi watha tinapita kukaona phiri la Isandlwana, pamene Azulu anagonjetsa asilikali a Angerezi mu 1879. M'tsinde mwake muli milu ya miyala yopaka laimu, yomwazikana chigwa chonse, ndipo wotiperekeza anati pansi pa mulu uliwonse pali mafupa a anthu. Pa zipilala palembedwa 24th Regiment. Kodi anyamata amenewa anali achilendo pa nkhondo? Anthu a mfuti angaphedwe chonchi ndi a mikondo? Komanso ena akuti anali a ku England, ena akuti ku Wales.

Aphunzitsi opuma, Zomba:
Achemwali, achilendo ayi ndithu. Gululi linakhazikitsidwa mu 1689. Linalipo pamene Angerezi ankalanda Cape m'manja mwa Adatchi mu 1806, ndipo linamenyana ndi Afalansa pa Talavera mu 1809. Koma tsiku limene ine ndimaliganizira kwambiri ndi 13 Januwale 1849, pa Chillianwala ku Punjab. Anawalamula kuthamangira mizinga ya Asikh ndi mipeni ya kumfuti yokha, osawomba. Oposa 500 anaphedwa kapena kuvulala, ndipo Brigadier Pennycuick anagwa pamodzi ndi mwana wake. Ndiye Isandlwana sikanali koyamba kuti akuluakulu awo awaponye m'moto.

Pofika kwa Azulu n'kuti atangomenyana ndi Axhosa mu 1877 ndi 1878. Vuto linali kuderera mdani. Mkulu wa asilikali onse a Angerezi, Lord Chelmsford, sanatchinge msasa ndi ngolo, sanakumbitsenso maenje obisalamo. M'bandakucha wa 22 Januwale 1879 anatenga pafupifupi theka la asilikali kukasaka Azulu kwina, kusiya msasa m'manja mwa Henry Pulleine. Osadziwa kuti impi (gulu lankhondo) ya Cetshwayo, Mfumu ya Azulu, amuna ngati 20,000 motsogozedwa ndi Ntshingwayo, yakhala phee m'chigwa cha Ngwebeni, pafupi pomwepo. Asilikali a Pulleine anaima motalikirana kwambiri, kutali ndi mahema. Mfuti zawo za Martini-Henry zinagwetsa Azulu ambiri kutsogolo, koma mapiko awiri a impi anazungulira phiri n'kutseka njira yakumbuyo. A 24th pafupifupi 600 anafa masana amenewo, dzuwa litachita kadamsana.

Mayi Gondwe, Cardiff:
Za Wales ndiyankhe ine popeza ndili konkuno. Mu 1879 dzina lawo linali 2nd Warwickshire, dera la ku England, ngakhale likulu lawo linali litasamukira ku Brecon mu 1873. Dzina loti South Wales Borderers linabwera mu 1881, nkhondo itatha kale. Mbendera ya gululi, imene asilikali awiri Melvill ndi Coghill anafa atayesa kuiwolotsa mtsinje wa Buffalo pochoka ku Isandlwana, anaipeza m'madzi patapita masiku, ndipo lero ili m'tchalitchi chachikulu cha Brecon. Ndinaiona. Yatha kwambiri moti utoto wake suonekanso bwino.

Jere wa ku Mzimba:
Zikomo aphunzitsi, koma chimodzi chimandipweteka pa nkhaniyi. Tsiku lomwelo madzulo, kampani B ya gulu lomweli, pansi pa Bromhead ndi Chard, inadzitchinga ndi matumba a chimanga ndi mabokosi a mabisiketi pa Rorke's Drift, kamsasa ka Angerezi kutsidya kwa mtsinje wa Buffalo. Anthu ngati 150 anapirira usiku wonse polimbana ndi ankhondo a Azulu oposa 3,000 otsogozedwa ndi Dabulamanzi. Kulimba mtima kunalipo, sindikana. Anapereka mamendulo 11 a Victoria Cross, 7 mwa iwo kwa a 24th. Ine ndimakhulupirira kuti mamendulo anachuluka chonchi pofuna kuphimba manyazi a pa Isandlwana aja.

Nanga anthu akuda? Pa anthu oposa 1,300 amene anafa kumbali ya Angerezi pa Isandlwana, mazanamazana anali Aafirika, ambiri a Natal Native Contingent, gulu la Aafirika omenyera Angerezi, amene mfuti ankapatsidwa munthu mmodzi mwa khumi. Azulu anafanso osachepera 1,000, akuteteza dziko lawo kwa anthu amene anawoloka malire okha. Ife Angoni tinali titachokako kale, Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, komabe amenewo ndi a kwathu. Patangotha miyezi yochepa, pa 4 Julaye, Angerezi anatentha Ulundi, likulu la Cetshwayo.

Nachisale wa ku Dundee:
Zikomo nonse. A Jere, chikumbutso cha Azulu chilipo, anachiika mu 1999 pafupi ndi chipata. Ndi mkanda waukulu wamkuwa, wofanizira isiqu imene ankapatsa ngwazi za nkhondo. Koma mayina a anthu sindinawaonepo monga alili pa zipilala za azungu. Aphunzitsi, ngati mukudziwa kumene a Natal Native Contingent anaikidwa, kaya ndi m'milu yomweyi kaya kwina, mundiuze.